Kalata yotseguka kwa oyang'anira njanji zimene sitima zinasiya kudutsamo

Olemekezeka nduna zoona za mtengatenga, akuluakulu a makampani a sitima zapamtunda, ndi inu a makhonsolo amene njanji zakale zinadutsa m'madera anu,

Ndikulemba m'malo mwa anthu amene simuwaona kawirikawiri pamisonkhano yanu. Ndife oyenda pansi, amene timabereka chikwama kumsana n'kuyamba ulendo wa masiku angapo, mwinanso sabata yathunthu, kutsata mkwasa umene sitima inkadutsamo kale, kudutsa m'minda, m'nkhalango ndi m'midzi imene msewu waukulu unailambalala. Pempho langa lalikulu ndi limodzi, ndipo ndiyamba nalo kuti ngakhale mutatopa n'kuisiyira panjira kalatayi, mukhale mutalimva. Njanji ikatsekedwa, musagulitse malo ake zidutswazidutswa. Asungeni athunthu, kuchokera kumene inayambira mpaka kumene inathera. Zina zonse zimene ndinene m'munsimu n'zotheka kukonza chaka chamawa kapena zaka khumi zikubwerazi, koma malowo mukangowadula, palibe adzawalumikizenso mosavuta.

Mukudziwa kuposa ine chifukwa chake mkwasa wa njanji uli wamtengo wapatali. Gudumu lachitsulo limaterereka pa chitsulo chinzake, choncho sitima singakwere chitunda chimene galimoto imakwera osavutika. Njanji zambiri zimakwera mita imodzi kapena ziwiri zokha pa mamita 100 alionse. Kuti zimenezi zitheke, anthu akale anang'amba mapiri, anaunjika dothi m'zigwa mpaka linafanana ndi mtunda, anamanga milatho pa mitsinje ikuluikulu, ndipo pamene phiri linakanika kung'amba analiboola. Ntchito yonseyo inalipiridwa kale, ndi ndalama komanso ndi miyoyo. Chimene chinatsala m'manja mwanu ndi kamzere ka nthaka kopapatiza, kamene m'lifupi simungamangemo chinthu chachikulu, koma m'litali kamalumikiza tauni ndi tauni popanda chitunda, popanda galimoto, popanda mpanda. Gogo wa ndodo angayendemo, mayi wokankha kangolo ka mwana angayendemo, munthu wa pa njinga ya olumala angayendemo. Njira zakumidzi zimene zingalandire anthu onsewa n'zochepa kwambiri.

Tsono zimachitika n'zotani? Sitima yomaliza ikadutsa, zitsulo amazizula n'kukazigulitsa, ndipo zimenezo palibe akudandaula nazo. Kenako kumabwera mwini munda wa m'mbali, kupempha mamita 200 kuti alumikize minda yake iwiri. Kumabwera wina wofuna kumanga nyumba pamalo pamene panali siteshoni. Amisiri a misewu akamakulitsa msewu amaona kuti mlatho wa njanji wawapanikiza, amaugwetsa. Fayilo iliyonse ikafika pa tebulo lanu imaoneka yaing'ono, ndipo kalaliki amene akusaina sanayendeko kumaloko. Amaona nambala ya puloti basi. Koma ife tikafika pa mamita 200 amenewo timapeza waya ndi chikwangwani choletsa kudutsa, ndiye timatsika, n'kuyenda makilomita anayi kapena asanu m'mphepete mwa msewu wa magalimoto akuluakulu kuti tikapezenso njanji ija kutsidya. Munthu wamphamvu amapirira. Gogo uja, mayi uja ndi wa njinga ya olumala uja amabwerera pomwepo, ndipo sabweranso.

Dziko la Britain ndi limene lingakuuzeni bwino za ndalama zimene zimatayika podula malo a njanji. Mu 1963 kunatuluka lipoti la Richard Beeching, mkulu wa njanji za dzikolo pa nthawiyo, limene linalangiza kutseka njanji zotalika makilomita pafupifupi 8,000 pamodzi ndi masiteshoni oposa 2,000. Zambiri zinatsekedwadi, ndipo malo ambiri anagulitsidwa kwa aliyense amene anabwera ndi ndalama. Njanji ya Waverley, yochokera ku Edinburgh kupita ku Carlisle, inatsekedwa mu 1969. Patapita zaka zambiri boma la Scotland linaona kuti anthu a m'dera limene njanjiyo inkadutsa akufunikanso sitima, ndipo mu 2015 linatsegulanso mbali ya njanjiyo, kuchokera ku Edinburgh kukafika ku Tweedbank. Koma pofika nthawiyo pa mkwasa wakalewo panali patamangidwa nyumba, ndipo msewu waukulu wozungulira mzinda wa Edinburgh unali utaudula. Panafunika kugula nyumba za anthu n'kuzigwetsa, ndiponso kupatutsa msewuwo kwa kanthawi kuti njanji idutse pansi pake. Ndalama zimene anapeza pogulitsa malowo kale zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene anatulutsa powawombola.

Ndiye ngakhale mutakhala kuti za anthu oyenda pansi sizikukukhudzani, ganizirani za sitima imene ingadzabwerenso. A ku United States anaganiza choncho. Mu 1983 anawonjezera ndime mu lamulo lawo la njira zoyendamo anthu, National Trails System Act, yolola kuti njanji imene kampani yasiya kugwiritsa ntchito isawerengedwe kuti yatayidwa. Imakhala ngati yasungidwa, boma la dera kapena bungwe lina limaitenga n'kuisandutsa njira ya anthu, ndipo tsiku limene sitima idzafunikenso, malowo amabwerera ku njanji. Njira yotchuka ya Katy Trail, m'chigawo cha Missouri, yotalika makilomita oposa 380 ndipo mbali yake yaikulu imatsata mtsinje wa Missouri, inapulumuka kudzera mu lamulo limeneli, madzi osefukira atawononga njanjiyo mu 1986. Oyenda pansi ndiwo alonda otchipa kwambiri amene mungapeze. Pamene pakudutsa anthu tsiku ndi tsiku, munthu sangamange khola usiku n'kudzanena mawa kuti malowo ndi a makolo ake. Ndipo ndinene mosabisa: sitima ikadzafuna kubwerera, ibwerere. Ena mwa anzanga oyenda nawo sakondwa ndikanena izi, koma mkwasawo anaukumbira sitima. Ife tikungousunga. Chimene tingapemphe n'chakuti pamene malo akwanira, mutisiyire kanjira m'mbali.

Sindikufuna kuti muganize kuti eni minda a m'mbali mwa njanji ndi adani a nkhaniyi. Madandaulo awo ambiri ndi oona. M'maiko ena kampani ya sitima sinagule nthakayo, inangopatsidwa chilolezo chodutsa, ndipo banja limene linapereka chilolezocho linkayembekezera kuti sitima ikasiya, malo abwerera kwa iwo. Ku United States nkhani yotereyi inakafika mpaka ku khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, limene mu 1990 linagamula kuti lamulo losunga njanji lija n'lovomerezeka, koma mwini malo amene walandidwa ufulu wake angathe kukapempha chipukuta misozi. Kupatula za umwini, mlimi amaopa agalu a anthu odutsa kuthamangitsa nkhosa zake, amaopa chipata chosiyidwa chotsegula, zinyalala, moto, ndi anthu achilendo kusuzumira pakhomo pake. Mukabwera ndi mapu ojambula kale n'kumuuza kuti njira idutsa apa, mwayambitsa mkangano wa zaka khumi. Kumadzulo kwa Ireland anachita mwina. Njanji yochokera ku Westport kupita ku Achill inatsekedwa mu 1937, ndipo malo ake anali atalowa kale m'manja mwa alimi. Ogwira ntchito ku khonsolo anayenda khomo ndi khomo, kukambirana ndi eni malo oposa 100, mpaka anavomera kuti anthu azidutsa pamene nthakayo ikadali yawo. Njira ya Great Western Greenway, ya makilomita oposa 40, inatsegulidwa yonse mu 2011 mwa njira imeneyi. N'zotheka ndithu kulumikizanso chimene chinadulidwa, koma onani ntchito yake: eni malo oposa 100 pa makilomita 40 okha, ndipo mmodzi akanakana pamalo ovuta, njira yonse ikanapunduka. Mpanda wabwino, zipata zodzitseka zokha, ndi malo owolokera ng'ombe ndi thirakitala muziziika m'bajeti kuyambira tsiku loyamba, osati mlimi akayamba kudandaula.

Tibwere ku milatho, chifukwa apa ndi pamene mantha anu enieni ali. Ndikudziwa kuti mlatho wosagwira ntchito ndi ngongole yokhayokha m'mabuku anu: kuuyendera, kuupaka penti, ndi kuopa kuti mwala ukagwera munthu mudzaimbidwa mlandu. Njira yachidule ndi kuugwetsa kapena kuukwirira. Mu 2021 ku Great Musgrave, kumpoto kwa England, oyang'anira milatho yakale anathira miyala ndi konkire matani ambirimbiri pansi pa mlatho wamiyala umene njanji inkadutsa kunsi kwake, ponena kuti akuulimbitsa. Anthu anakwiya, khonsolo inakana kuvomereza ntchitoyo, ndipo mu 2023 konkire yense uja anamuphwanya n'kumuchotsa. Analipira kawiri, pothira ndi pochotsa. Mlatho umene unkanyamula sitima yodzaza malasha sungalephere kunyamula anthu oyenda ndi zikwama, ngati madzi sakulowa m'makoma ake ndipo mitengo siikumera m'ming'alu. Kawirikawiri chofunika ndi pansi poponda pabwino ndi zogwirira m'mbali. Ndipo milatho imeneyi ndiyo imene anthu amayendera mtunda wautali kudzaona. Ku Canada, m'chigwa cha Myra Canyon pa njanji yakale ya Kettle Valley, moto wolusa wa mu 2003 unatentha milatho 12 yamatabwa. Sananene kuti zatha, anaimanganso, ndipo pofika 2008 anthu anali akuwolokanso.

Mphanga zimene anaboola m'mapiri nazonso musafulumire kuzitseka ndi njerwa. Njira ya Monsal Trail ku Peak District, ku England, inatsegulidwa mu 1981, koma mphanga zake zazitali zinali zotseka, ndipo anthu ankakwera phiri kuzilambalala. Mu 2011 mphanga zinayi anazikonza, anaikamo magetsi, n'kuzitsegula, ndipo njira imene inali ya amphamvu okha inakhala ya aliyense. Ku Wisconsin, m'dziko la United States, pa njira ya Elroy-Sparta, imene inatsegulidwa mu 1967 ndipo ndi imodzi mwa zoyambirira za mtunduwu, mphanga zitatu zilibe magetsi n'komwe. Yaitali kwambiri imapitirira kilomita imodzi, madzi amadontha kuchokera kudenga, aliyense amanyamula tochi yake, ndipo anthu amakonda zomwezo. Pali mphanga zina zimene mileme inasandutsa kwawo. Zimenezo zisiyeni, tidzalambalala mosanyinyirika, bola mutisonyeze polowera.

Chimene chimapha njanji yosiyidwa mwakachetechete si mlatho waukulu ayi, ndi makalavati. Pansi pa mtumbira uliwonse umene anaunjika m'chigwa pali pobowoka podutsa madzi. Nthawi ya sitima panali anthu olembedwa ntchito yoyendera njanji ndi kuchotsa zinyalala m'ngalande. Anthuwo atachoka, masamba ndi matope zimatseka kalavati, madzi amadikha kuseri kwa mtumbira, ndipo mvula yamphamvu ikagwa usiku umodzi, mtumbira wonse umakokoloka n'kusiya chigwembe chimene kuchikwirira kumafuna ndalama zoposa za mlatho. Munthu mmodzi wa fosholo, woyendera makalavati mvula isanayambe, angapulumutse zimenezi. M'mapulani okongola amene mumatulutsa potsegulira njira zatsopano sindimuona munthu ameneyu. Ndalama zomangira zimapezeka chifukwa pali riboni yodula, koma zosamalira chaka ndi chaka zimasowa mwini.

Tsopano ndilankhule za ife eni akefe, chifukwa ngakhale kumene njira zoterezi zinamangidwa bwino, woyenda pansi amaiwalika. Zimalembedwa kuti ndi za oyenda pansi ndi opalasa njinga, koma poyeza mitunda amayeza ndi njinga. Wopalasa amatha makilomita 20 mu ola limodzi ndi theka osatuluka thukuta lenileni. Woyenda pansi wonyamula katundu amayenda makilomita anayi pa ola, ndipo makilomita 20 kapena 25 ndi tsiku lake lonse. Choncho mapu akamanena kuti madzi ali pafupi, pa makilomita 30, kwa wanjinga ndi zoona, kwa ife ndi mawa. Taganizirani njira ya Otago Central Rail Trail ku New Zealand, makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Middlemarch kukafika ku Clyde, imene inatsegulidwa mu 2000 njanji itatsekedwa mu 1990. Imadutsa m'dera louma, lotentha kwambiri m'chilimwe, la mitengo yochepa. Wanjinga amaimaliza m'masiku atatu kapena anayi. Woyenda pansi amafunika pafupifupi sabata, ndipo lita iliyonse ya madzi ndi kilogalamu imodzi pamsana pake. Pa njira yotere, mpopi umodzi woikidwa pamalo oyenera ndi umene umagamula ngati munthu wa zaka 65 angayese ulendowu kapena ayi. Chosangalatsa n'chakuti sitima za malasha nazonso zinkamva ludzu, zinkaima pafupipafupi kumwa madzi, ndipo m'malo ambiri zitsime, matanki ndi mapaipi ake zikadalipo m'tchire. Musanakumbe zatsopano, fufuzani zakalezo.

Nkhani ya pansi poponda nayo imafuna kuimva kuchokera kwa mwini phazi. Miyala ya kwale imene imakhala pansi pa njanji singayendeke, imagudubuzika ndi kupotokola akakolo, choncho iyenera kuchotsedwa kapena kuphwanyidwa. Koma ambiri mwa inu mukachotsa kwale mumathamangira kuthira phula. Pafupi ndi mizinda phula n'labwino. Njira ya pakati pa mizinda ya Bristol ndi Bath ku England, imene bungwe la Sustrans linamanga pakati pa 1979 ndi 1986 mothandizidwa ndi anthu ongodzipereka, imanyamula anthu opita kuntchito m'mawa uliwonse, ndipo matope sangawathandize. Koma kumidzi, pa ulendo wa masiku ambiri, phula ndi chilango. Njira ya njanji ilibe chitunda kapena chitsetse, ndiye phazi limaponda mofanana sitepe iliyonse, malo omwewo a chidendene, mnofu womwewo wa m'chiuno, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. M'mapiri munthu amatopa thupi lonse koma mosinthanasinthana. Pa njanji amatopa malo amodzi, ndipo matuza amatuluka tsiku lachiwiri. Dzuwa likawomba, phula limabweza kutentha kumapazi. Katy Trail anaithira miyala ya laimu yopera bwino n'kuitsendera, ndipo njinga zimayenda, mapazi nawonso amapuma. Ngati simungachitire mwina koma kuthira phula, tisiyireni mita imodzi ya dothi kapena udzu m'mbali, ndipo muziitchetcha. Phula losalala limaitananso liwiro. Masiku ano kwabwera njinga zamagetsi, zolemera komanso zosamveka zikamabwera kumbuyo, ndipo pa njira yopapatiza woyenda pansi amakhala akucheuka tsiku lonse. M'lifupi mokwanira ndi lamulo lomveka la liwiro zimathandiza kuposa zikwangwani zopempha anthu kuti azilemekezana.

Ndivomereze chinthu chimodzi chimene okonda njira zimenezi sakonda kunena: nthawi zina zimatopetsa maso. Pamene njanji inang'amba chitunda, munthu amayenda ola lathunthu pakati pa makoma awiri a dothi ndi zitsamba, osaona kanthu koma njira yowongoka kutsogolo. Pa mtumbira pamene payenera kuoneka dziko lonse, mitengo yomera yokha imakhala itatseka mbali zonse. Sindikupempha kuti mugwetse mitengoyo, chifukwa mthunzi wake ndi moyo wathu, ndipo mbalame, agulugufe ndi tinyama tambiri timayenda m'kamzere kameneka pakati pa minda yolimidwa mpaka m'malire. Koma kudulira pang'ono pamalo pamene pali chooneka, n'kuikapo benchi, sikufuna ndalama zambiri. Ikaninso zizindikiro za mtunda pa kilomita iliyonse. Wanjinga saziwerenga, koma kwa woyenda pansi nthawi ya 3 koloko masana ndi zimene zimam'limbitsa mtima. Zipilala zakale za njanji zosonyeza mtunda, pamene zikadalipo, zipakeni penti zikhale pomwepo.

Pogona ndi nkhani ina. Masiteshoni ambiri akumidzi anamangidwa kutali ndi midzi imene amatchedwa dzina lake, chifukwa njanji inkatsata kumene nthaka yalola, osati kumene anthu ali. Makilomita atatu ochoka pa njira kukafika m'mudzi, ndi atatu obwerera m'mawa, kwa munthu amene wayenda kale tsiku lonse ndi ola ndi theka lowonjezera. Nyumba za siteshoni zili pa njira pomwepo, zili ndi denga, nthawi zambiri zili ndi madzi. Dziko la Spain linayamba pulogalamu ya Vías Verdes, yosandutsa njanji zakale kukhala njira za anthu, mu 1993, motsogozedwa ndi bungwe la Fundación de los Ferrocarriles Españoles, ndipo masiteshoni ambiri anawasandutsa malo ogona ndi odyera. Pa Vía Verde de la Sierra, pakati pa Puerto Serrano ndi Olvera, pali makilomita 36 ndi mphanga pafupifupi 30, ndipo chodabwitsa n'chakuti sitima sinadutsepo n'kamodzi komwe: anamanga milatho, mphanga ndi masiteshoni, ntchito n'kuima. Nyumba zimene sizinalandirepo wokwera sitima lero zikulandira alendo. Si siteshoni iliyonse imene ingakhale hotela, ndipo woyenda pansi safuna hotela. Kabwalo kololedwa kukhomapo tenti, chimbudzi, mpopi ndi denga lobisalira mvula, pa makilomita 15 kapena 20 alionse, n'zokwanira. Mukapanda kutipatsa malo ololedwa, anthu adzagona paliponse, adzadzithandiza paliponse, ndipo mlimi uja adzakhala kuti ananena zoona. Walira mvula walira matope: mukaitana alendo, konzekerani zimene alendo amasiya.

Pa nkhani ya phindu, chonde musalonjeze anthu akumidzi chuma chimene simungachitsimikize. Njira yokha sibweretsa ndalama. Imabweretsa anthu anjala ndi otopa, ndipo ndalama imatsala m'mudzi pokhapokha ngati pali kanjira kolowera m'mudzimo, chikwangwani chonena zimene zilimo, ndi chilolezo chosavuta kwa munthu wamba amene akufuna kugulitsa chakudya kapena kugoneka alendo awiri m'chipinda chake. Pamenepa woyenda pansi ndiye mlendo wabwino kuposa onse, chifukwa sangathe kudumpha mudzi. Kumene wanjinga wagona kawiri, iye wagona kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Nyumba za siteshoni mukamabwereketsa, yambani mwafunsa anthu a m'deralo musanaitane kampani yakutali. Ndipo musaiwale kuti amene adzagwiritse ntchito njirayi kwambiri si ife a maulendo ataliatali, koma ana opita kusukulu ndi anthu opita kumudzi woyandikana nawo. Ngati mukufuna kulipiritsa, musalipiritse amenewa.

Musanatsegule, yezani dothi. Matabwa amene njanji inkakhalapo ankawanyika m'mankhwala a creosote kuti asawole, m'mbali mwa njanji ankapoperamo mankhwala ophera udzu amene ena anali ndi poizoni wa arsenic, ndipo m'masiteshoni munkatayikira mafuta ndi phulusa la malasha kwa zaka zambiri. Kwa munthu wongodutsa chiopsezo n'chochepa, makamaka pamwamba pakathiridwa dothi latsopano, koma pamalo pamene mukufuna kuika mpopi, bwalo la ana kapena malo a matenti, dziwani kaye chimene chili pansi. Matabwa akalewo asagawidwe kwa anthu ngati nkhuni.

Chinanso chimene ndimachiona chikusowa pa zikwangwani zanu ndi anthu. Mumalemba chaka chimene njanji inatsegulidwa, dzina la injiniya wamkulu ndi mtundu wa sitima. Amene ananyamula dothi la mtumbira umene taimapo sawatchula. Njanji zambiri za padziko lapansi zinamangidwa ndi anthu osauka ochokera kutali, ena ochita kukakamizidwa, ndipo manda awo ali m'mbali momwemo opanda dzina. Ku Thailand, pamalo otchedwa Hellfire Pass, anthu lero amayenda wapansi potsata mkwasa wa njanji imene asilikali a Japan anamangitsa m'zaka za 1942 ndi 1943 kulumikiza Thailand ndi Burma. Akaidi a nkhondo oposa 12,000 anafera pa ntchitoyo, ndipo anthu wamba a ku Asia amene anafa anali ochuluka kuposa pamenepo kangapo. Kumeneko anasunga thanthwe long'ambidwa ndi manja monga linalili, kuti woyenda aone yekha. Si njanji iliyonse ili ndi mbiri yowawa chotere, koma iliyonse ili ndi anthu ake: okumba, oyendera njanji, ogulitsa matikiti, mabanja amene anasamutsidwa kuti idutse, ndi midzi imene inazilala itatsekedwa. Okalamba amene akukumbukira akadalipo m'midzi ya m'mbali. Tumizani munthu akawajambule mawu iwo asanapite. Woyenda pansi ali ndi nthawi yowerenga chikwangwani chonse mpaka pansi.

Zimene mungachite mwezi uno osadikira ndalama za wina aliyense ndi izi. Imitsani kaye kugulitsa, kubwereketsa kwa zaka zambiri, kugwetsa kapena kukwirira chilichonse cha pa njanji yotsekedwa mpaka mkwasa wonsewo utaunikidwa ngati chinthu chimodzi. Tulutsani mapu osonyeza njanji zonse zosagwira ntchito, mwini wa chigawo chilichonse, ndi pamene padulidwa kale, muwaike poyera kuti aliyense awaone. Pakati pa unduna, kampani ya sitima ndi khonsolo, tiuzeni ofesi imodzi imene tingalembere kalavati akatsekeka, chifukwa pakadali pano aliyense amaloza mnzake. Ndipo bwana amene siginecha yake ndiyo yomaliza pa fayilo yogulitsa chigawo cha njanji, asanasaine, ayende pansi kuchokera pa siteshoni ya kumbuyo kwa chigawocho kukafika pa ya kutsogolo, atanyamula madzi ake yekha, galimoto ikamudikire kumapeto. Ife tili okonzeka kumuperekeza, ndiponso kubwera ndi zikwanje ndi mafosholo tsiku limene mudzatilole kuyamba kulambula.

Ine wanu,
Mmodzi mwa oyenda pansi